Masamba Pamsewu wa ku Kambuzuma

Dzina langa ndi Yoramu, ndipo ndinayendetsa malole mu Harare zaka makumi atatu ndi chimodzi osagundapo ngakhale nkhuku. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti mudziwe kuti amene anachita manyazi m'nkhaniyi sanali dalaivala wamba.

Chinali chaka cha 2008, chaka chimene m'masitolo munkangowala mashelefu. Kampani yathu ya ku Lochinvar inali ndi malole khumi ndi imodzi, koma oyenda anali atatu okha. Enawo anali atakhala pa njerwa, akugawira anzawo ziwalo. Madalaivala nawo anali atatha kuthawira ku Joni ndi ku Botswana, ena osatsanzika n'komwe. Ine sindinapite chifukwa maso anga anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo akuluakulu anandichotsa pachiwongolero n'kundiika kumpando wakumanzere kuti ndiziyesa madalaivala atsopano. Iwo ankati andikweza. Ine ndinkaona kuti andikhazika pa njerwa limodzi ndi malole aja.

Amene ankalamula pabwalo la kampani anali mayi Esinati, mayi wamfupi wa magalasi, mwana wa telala wochokera ku Dedza. Tsiku lonse ankayankhula Chishona, Chichewa ankachisungira kukalipa. Chida chawo chinali ndodo ya tsache yotemedwa mphini ndi mpeni. Dizilo nthawi imeneyo ankasowa kuposa shuga, ndipo madalaivala ena anali ataphunzira kumuyamwa ndi kapaipi n'kukagulitsa kuseri. Choncho lole isanatuluke mayiwo ankapisa ndodo m'thanki, ikabwerako ankapisanso, ndipo ulendo uliwonse unali ndi mphini yake. Dizilo akapezeka pansi pa mphini, dalaivala ankasiya makiyi patebulo n'kuona msana wa njira. Panalibe zoti tiyeni tikambirane.

Lolemba lina m'mawa kunabwera munthu wamtali, wa jekete lalifupi mikono, amene anavula chipewa akadali kugeti. Anandipeza ndikunyoza tayala lophwa m'Chichewa, ndipo nkhope yake inawala ngati waona amalume ake.

"Bambo, kodi ndinu akwathu?"

"Akwanu anali bambo anga," ndinatero. "Ine ndinabadwira pa Rugare apa. Ukufuna chiyani?"

Dzina lake linali Bothwell. Anabadwira m'komboni ya pafamu ya fodya cha ku Banket, makolo ake ochokera ku Mchinji, ndipo anayendetsa thirakitala zaka khumi ndi zinayi. Famu italandidwa pa nthawi yogawa minda ya azungu, anthu a m'komboni anabalalika. Iye anadzagwera m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya munthu ku Warren Park, ndi mkazi wake Chenai ndi ana atatu, onse akudya za tomato amene mkaziyo ankagulitsa pamsewu. Laisensi ya lole anali nayo, yatsopano, yokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Ntchito ndiyo analibe kwa zaka zinayi.

Mayi Esinati anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Lero mutenga mazira, mathireyi mazana anayi, mukatule kubekare ku Kambuzuma. Panjira osaima. Mukabwerako a Yoramu andiuza mmene mwayendera, ndodo nayo indiuza. Akagwirizana awiriwa, ntchito ndi yanu."

Anapisa ndodo m'thanki, n'kumuonetsa mphini ndi chikhadabo. Bothwell anaiyang'ana mphiniyo nthawi yaitali, akugwedeza mutu.

Tinatuluka pageti. Ndinene zoona, sindinamukonde. Munthuyu ankayendetsa lole ngati kumbuyo kuli pulawo. Aliyense woyenda pansi ankamukwezera dzanja, ndipo anthu a m'tauni ankacheuka kuti aone ngati akupereka moniyo kwa wina. Makombi, maminibasi a kuno, ankatidutsa uku ndi uku akuliza mahutala, iye osatekeseka.

"Kodi ukuyendetsa kapena ukulima?" ndinamufunsa.

"Mazira, bambo."

Titafika pamphambano yaikulu ya ku Willowvale tinapeza maroboti atafa, monga mwa masiku onse, magetsi kulibe. Bothwell anaima n'kuyamba kupatsa njira. Inadutsa kombi, inadutsa ina, anadutsa munthu wokankha ngolo ya nkhuni, kenako mayi wina wa dengu amene sanali kufuna n'komwe kuwoloka koma anangowoloka chifukwa cha ulemu.

"Tamvera mphwanga," ndinati. "Pa roboti yakufa amadutsa wamkulu, ndipo wamkulu pano ndi ife. Lowetsa mphuno."

Analowetsa mphuno atakukuta mano, thukuta lili kamukamu, ndipo tinawoloka. Koma chimodzi ndinachiona ngakhale sindinachinene. Msewu unali maenje okhaokha, ndipo munthuyu ankawawerenga patali monga mlimi amawerengera munda, n'kuipinda lole pakati pake mosagwedeza. Kumbuyo kunali zii, ngati sitinanyamule kanthu.

Vuto linatipeza titalowa mu Kambuzuma. Paipi ina inali itaphulika, ndipo madzi anali atadzaza msewu kutsogolo kwa masitolo. Bothwell anaponda buleki, anazimitsa injini, n'kuvula chipewa.

"Waimiranji?"

"Masamba, bambo."

Ndinatsinzinira. M'madzimo ndinaona zobiriwira, nthambi zitatu kapena zinayi zitagona chopingasa kumbali yathu.

"Ndi zinyalala izo. Ponda tizipita."

"Pali maliro, bambo."

"Ndati ponda."

Mwina owerenga a m'tauni muno sakudziwa. Kwawo kwa makolo athu, ndiponso m'makomboni a m'mafamu kumene anthu akwathu anachuluka, munthu akamwalira amayala masamba pamsewu. Wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, chipewa chimachoka kumutu. Pafamu paja, poti onse ankadziwana, woyendetsa thirakitala ankaima n'kukapepesa kaye. Mu Harare mulibe zimenezo. Muno maliro amaoneka ndi kansalu kofiira pageti. Ndikanatha kumufotokozera zonsezi, koma anali atatsika kale, ndipo ndivomere kuti ka mtima kena mwa ine kanati msiye, safunsa anadya phula.

Komabe sindingamunene kwambiri, chifukwa zimene anaona zikanapusitsa aliyense. Pakhonde la sitolo yotseka panali amayi ambiri atakhala pansi, atatambasula miyendo, atafunda zitenje, osayankhulana. Amuna anali ataima chapatali, manja kumbuyo, nkhope zakugwa. Kunkangosowa nyimbo basi.

Bothwell anapita chowerama, chipewa pachifuwa. Anafika kwa gogo wina amene anakhala poyambirira, ananjuta, anawomba m'manja, n'kuwagwira dzanja.

"Nematambudziko, mbuya. Pepani," anatero, akupepesa maliro m'Chishona.

Gogoyo anayankha mmene munthu aliyense wa kuno amayankhira akapepesedwa, pakamwa pakuyenda pokha. "Akaonekwa, mwanangu."

Anapita kwa wachiwiri, wachiwiri anayankha chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi, koma akuyang'ana anzake. Ine kumpando kwanga ndinkangotsetsereka pang'onopang'ono kuti ndisaoneke pawindo. Atafika kwa wachisanu, mayi wachitsikana wa mwana kumbuyo, mayiyo anabweza dzanja lake n'kufunsa mwamantha kuti wamwalira ndani.

"Ndimati mundiuze ndinu," anatero Bothwell. "Ndaona masamba."

Kenako gogo uja anayamba kugwedezeka mapewa.

"Wamwalira shuga, mwanangu," anatero. "Lero ndi tsiku lachiwiri tikudikira kuti mwina eni sitolo abwera naye."

Apo m'pamene Bothwell anaona kuti dzanja lililonse limene analigwira linali lolembedwa nambala ndi bolopeni. Unali mzere wa shuga. Phwete linayambira pakhonde n'kuyenda mpaka kwa amuna aja, anthu amene mwina anali asanaseke sabata yonse. Wina anachita kugwira mzati. Mayi wa mwana uja anaseka mpaka mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo gogo anati eya, tsopano maliro akwana. Bothwell anaima pakati pawo, wamtali ngati mlongoti, akuseka nawo pang'ono poti panalibe pothawira.

Ena ataona lole yokutidwa ndi tenti anayamba kale kundanda kumbuyo kwake, chifukwa masiku amenewo munthu ankayamba walowa pamzere n'kumafunsa pambuyo kuti akugulitsa chiyani. Ndinatulutsa mutu n'kuwauza kuti tanyamula mabuku a masamu. Anabwerera kumalo awo mwamsanga.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwathu kunafika kombi yodzaza, hutala ili pakamwa. Dalaivala wake anatulutsa mutu n'kundifunsa ngati ndafera pampando. Amuna a pamzere anayamba kukweza manja akumukuwira kuti aime, koma iye anayesa akufuna kukwera. Anatizungulira mwaukali, anabwerera kumbali yathu, anaponda masamba aja, ndipo tinangomva kuti khu. Tayala lakutsogolo linalowa lonse, kombi inagwada, thako lake n'kukwera m'mwamba.

Pansi pa madziwo panali dzenje la ngalande ya zonyansa. Chivundikiro chake chachitsulo anthu anali ataba sabata yathayo, ndipo amene anaika nthambi zija anali anthu a pamzere omwewo, kuchenjeza magalimoto. Mu Harare wa chaka chimenecho masamba pamsewu ankatanthauza dzenje. Ine ndinkadziwa bwino lomwe. Kungoti ndinaona zobiriwira, ndinali ndi mkwiyo, ndipo ndinati ponda.

Palibe anavulala. Anthu anatuluka m'kombimo mmodzimmodzi akutukwana, ena akutola tomato amene ankayandama. Malo amene kombi inagwadapo ndi omwewo amene tayala lathu likanapita, ndi mazira mathireyi mazana anayi pamsana.

Bothwell anabwera kulole, koma m'malo mokwera anatsegula kuseri kwa mpando n'kutulutsa tcheni.

"Ukutani?"

"Tiikoke, bambo."

"Kumanjaku malo alipo, tidutsa bwinobwino. Kwera."

"Pafamu munthu akatitimira sitimudutsa. Chaona mnzako chapita."

"Ndodo ya mayi Esinati siidziwa miyambi," ndinatero. "Ukaikoka kombi iyi, dizilo atsika pansi pa mphini. Ana ako adzadya chiyani, tcheni?"

Anaima. Ndinamuona akuyang'ana thanki, kenako kombi, kenako dalaivala uja amene tsopano anali atagwira m'mutu, ukali wonse utathera m'madzi. Ndikudziwa kuti ankaganiza za kachipinda ka ku Warren Park. Anapuma mozama n'kupita ndi tcheni chake. Ndinakwiya kwambiri, ndipo pansi pa mkwiyowo panali manyazi, chifukwa munthu amene ndinabwera kudzamuyesa anali atandiposa kamodzi kale ndipo ankaoneka kuti akufuna kubwereza.

Apa ndiye ndinaona zaka khumi ndi zinayi za m'matope. Dalaivala wa kombi ankafuna kumanga tcheni ku bampala, Bothwell anamukaniza n'kugona pansi yekha, jekete lomwelo, kukamanga ku chitsulo chenicheni cha pansi. Anaitana amuna asanu ndi mmodzi kuti adzanyamule kutsogolo. Iwo anakayika, kuopa kutaya malo pamzere, mpaka gogo uja anati manambala ali m'manja mwanu, ndipo amene alowerere aonana ndi ine. Bothwell anakwera, analiza injini, analowetsa giya yobwerera m'mbuyo, n'kuyamba kumasula kilatchi pang'onopang'ono ngati akuyamwitsa mwana. Tcheni chinakungika. Kombi inasuntha pang'ono n'kubwereranso. Anayesa kachiwiri, osatheka. Injini ikabangula, ine ndinkamva dizilo akumezedwa ngati akudutsa pakhosi panga.

Kachitatu anatsika, anatenga nthambi zomwe zija n'kuzipanikiza pansi pa tayala pamodzi ndi njerwa ziwiri, n'kukweranso. Amuna ananyamula, lole inakoka, ndipo kombi inatuluka ikudontha zinthu zimene sindingazitchule. Amayi a pakhonde analuluta ngati shuga wafika. Dalaivala uja, amene anandifunsa ngati ndafera pampando, anapinda buluku n'kuyenda patsogolo pathu m'madzimo ndi kamtengo, akutisonyeza popita mpaka tinafika pouma. Bothwell asananyamuke anatsikanso n'kubwezera nthambi zija pamalo pake, n'kuwonjezapo ina yaikulu yoimirira.

Kubekare anawerenga mazira onse. Osweka anapezeka awiri, ndipo ine ndikukhulupirira kuti amenewo anasweka akadali m'mimba mwa nkhuku.

Pobwerera, Bothwell ankayendetsa ndi chala chimodzi cha phazi, kuyesa kupulumutsa dontho lililonse, jekete lake lonyowa litapachikidwa pawindo. Ine ndinkaganiza za bambo anga. Anagwira ntchito ku njanji moyo wawo wonse, ndipo ankakonda kudandaula kuti m'tauni muno munthu amafa ngati nkhuku, magalimoto akungodutsa. Atamwalira tinamanga kansalu kofiira pageti monga anzathu onse. Za masamba sindinaganizeko, ndipo ndikanaganiza sindikanayala, chifukwa masiku amenewo zinthu zakwawo ndinkachita nazo manyazi. Makombi anadutsa tsiku lonse mawailesi ali pamwamba, bokosi lili m'nyumba. Zaka zonsezi zinali zisanandipwetekepo, koma tsiku limenelo zinandipweteka.

Tinalowa pabwalo dzuwa litapendeka. Mayi Esinati anali atatidikira, ndodo m'manja. Anatsegula thanki, anapisa, anatulutsa, n'kuyandikiza ndodoyo ku magalasi. Ponyowa panathera pansi pa mphini, kusiyana kwake ngati chala chimodzi chogoneka.

"Makiyi patebulo," anatero m'Chichewa.

Bothwell sanatsutse. Analowa mu ofesi, anaika makiyi, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Ndodo yanena zake," anatero mayiwo akukhala pansi. "A Yoramu, inu mukuti bwanji?"

Ndikanatha kunena kuti anaima panjira ngakhale anauzidwa kuti asaime, ndipo anawotcha dizilo pokoka kombi ya eni ake. Zonsezo zinali zoona, ndipo zaka zanga makumi atatu ndi chimodzi zikanatsala zoyera. Ndinayang'ana makiyi aja. Anali a lole imene ndinaiyendetsa ndekha zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kachikopa komangirako ndinasoka ndine.

Ndinafotokoza zonse kuyambira pa masamba. Nditafika pa kupepesa anthu a pamzere wa shuga, mayi Esinati anayesa kulimbitsa nkhope, koma pa "akaonekwa" wachitatu anavula magalasi n'kugwetsa mutu patebulo. Ndinadikira kuti amalize, kenako ndinanena chimene chinkandilemera.

"Ine ndinamuuza kuti aponde masambawo. Kawiri. Akanandimvera, lole yanu ikanagona m'dzenje ndi mazira onse. Ndinalakwa ndine. Ndipo za kombi ndinamuletsa, koma pamenepo sindikudziwanso kuti wolakwa ndani."

Mayiwo anapukuta maso, anavala magalasi, n'kundiyang'ana pamwamba pake.

"Tabwerezani, a Yoramu."

"Ziti?"

"Zoti munalakwazo. Zaka khumi ndi zisanu ndikugwira nanu ntchito, mawu amenewo sindinawamvepo pakamwa panu. Ndikufuna ndiwamve bwino."

Ndinabwereza. Mawuwo anatuluka movuta ngati fupa la nsomba, koma anatuluka.

Mayi Esinati anatsegula kabati, anatenga mpeni wawo, anagoneka ndodo pamiyendo, n'kutema mphini yatsopano pamene panathera ponyowa paja.

"Iyi ndi mphini ya maliro," anatero. "Ndaitema kamodzi, sindidzatemanso ina. Mwamva, a Bothwell? Muno masamba ndi dzenje. Muzichepetsa liwiro, koma anthu a pamzere muziwasiya alire okha."

Anakankhira makiyi kutsogolo. "Mawa sikisi koloko. Muli ndi ufa wa ku Warren Park, ndipo muziyenda nokha."

Bothwell anawatola ndi manja awiri. Kenako anawomba m'manja makiyi ali momwemo, akulira ngwelengwele.

Tinatuluka limodzi pageti. Iye ankafulumira kuti akauze Chenai asanalongedze tomato, koma ankayenda mwa mayendedwe anga chifukwa cha ulemu. Titafika pamsewu ndinamugwira mkono.

"Bothwell, tsiku langa likadzafika, udzayale masamba pa Rugare paja. Kansalu kofiira adzamange enawo."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Sindinali kuseka.

"Koma bambo, makombi adzayesa pali dzenje."

"Adzayese," ndinatero. "Bola adzadutse pang'onopang'ono."